Makatani Amene Ndinawapeza

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yakupepukirani. Ife tinafika bwino, kungoti kabati inathyoka mwendo m'lole. Mwana sanazolowere. Madzulo amavala nsapato n'kuima pakhomo, ati tizipita kwathu. Ine msana wathera m'makatoni.

Bambo ake, poti anatsogola chaka chatha kudzayamba ntchito, ali ngati kwawo. Nyumba ndinaipeza yosamalika, mazenera onse ali ndi makatani amaluwa, opinda bwino m'mphepete ndi singano yapamanja. Mkamwini wanu mukumudziwa, ngakhale batani satha kusokerera. Dzulo mayi woyandikana nafe anandifunsa kuti ndabwera kudzacheza masiku angati.

Sindinawafunse kanthu bambowo. Makatani munandisokera aja akadali m'katoni, ndipo katoniyo sindinaimasule chingwe.

Ndatha ine,
mwana wanu.