Denga Lopendekera kwa Amayi

Achimwene,

Landirani moni m'dzina la Ambuye amene amatisunga ngakhale tili osayenera. Muli bwanji kumeneko? Nanga alamu anga ndi ana? Ndinamva kuti wamng'onoyo anavutika ndi khutu, ndikhulupirira kuti anachira. Kuno ine ndi alamu anu, bambo a kunyumba kuno, tikudzuka ndithu. Koma amayi chifuwa chija chabwereranso, ndipo chimene chachibweretsa ndi chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni simundimva. Ndikangoyamba nkhani mumaseka, n'kunena kuti tiona, mlongo wanga, kenako mumati abwana akukuitanani. Pepala lilibe abwana. Muwerenge mpaka pansi, ndipo mukaona mawu ena akuluma, dziwani kuti ndasefa kale, awa ndi ofewawo.

Nkhani ndi ya shedi ija.

Mukumbukire kuti shediyi simunaiyambe ndinu. Ine ndinatopa n'kusokera pakhonde, kumangothawitsa makina ndi nsalu za eni ake mtambo ukangoda. Ndiye ine ndi alamu anu tinagwirizana zomanga kachipinda kogwiriramo ntchito pambali pa nyumba ya amayi, khoma la kuchipinda kwawo likhale khoma lathu lachinayi. Njerwa ndinasenza ndine, madzi ndinatunga ndine, alamu anu n'kumamanga akaweruka kuntchito. Iwo si amisiri, koma ankafunsa kwa odziwa, ndipo chingwe ndi levulo sizinkachoka m'manja mwawo. Makoma atatu anaima bwinobwino. Chinatsala ndi denga lokha, ndipo tinali titapangana kale ndi kalipentala wa kuseri kwa msika.

Ndiye munatulukira inu patchuthi.

Munazungulira makomawo manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu, n'kufunsa kuti kalipentala ngwachiyani pakhomo pali amuna awiri. Munati kukhoma lata si opaleshoni. Alamu anu atanena kuti denga liyenera kutsikira kunja, chakumsewu, munawaseka. Munati shedi yotsika kutsogolo imaoneka ngati khola la mbuzi, kodi makasitomala azilowa chowerama ngati abwera kudzapepesa? Munati kutsogolo kukwere, kuoneke ngati sitolo, papezekenso polemba chikwangwani. Munawonjezera njerwa pakhoma la kumsewu, mitanda yonse n'kuipendeketsa kutsikira kukhoma la amayi.

Alamu anu anafunsa kuti nanga madzi azipita kuti. Munati mwezi wamawa mubwera ndi ngalande ya malata yoika pakati pa denga ndi khoma, madzi azitulukira kumbali. Iwo anangovomera. Mukuwadziwa, munthu wokhala pakhomo pa apongozi sakangana ndi mwana wamwamuna wa pakhomopo.

Inenso sindinatsutse. Ndinali pansi kumakupatsirani misomali, mano onse pamtunda, kunyadira kuti achimwene anga akundikhomera denga.

Tsiku lomaliza lata linakuchekani pachikhatho. Amayi anathamanga ndi miyendo yawo yotupa ija, n'kung'amba nsalu yanga yatsopano kuti akumangeni. Ponyamuka munaloza dengalo ndi dzanja lomangidwalo, mukuseka, n'kunena kuti denga limeneli asaligwire munthu mpaka mutabwera. Inu munkacheza, kapena munkaganiza za ngalande ija. Amayi sanamve nthabwala. Anamva lamulo.

Mwezi wamawa uja mpaka lero sunafike. Mvula yokha ndiyo inasunga nthawi yake.

Achimwene, madzi onse a padenga lanulo amathamangira kukhoma la kuchipinda kwa amayi, n'kukumana ndi ochokera padenga la nyumba, onse n'kumira m'khomamo. Khomalo ndi lakale, njerwa zake zinamangidwa ndi dothi, simenti ndi yongopaka pamwamba. Linayamba n'kuda, kenako chuku, kenako pulasitala kumasupuka ngati nkhanambo. Panopa pali mng'alu wochokera pawindo kutsika mpaka kuseri kwa bedi, woti chala changa chimalowa chonse. Bulangete lawo limanunkha chinyontho ngakhale ndiliyanike padzuwa tsiku lathunthu. Kalipentala uja nditamuitana anangoti bedi lichoke pamenepo, malata azulidwe, denga litembenuzidwe mvula isanafike pachimake.

Ndinawauza amayi. Anati khoma limenelo linaima ine ndisanabadwe, silingagwe chifukwa cha mantha a telala. Ndinati chabwino, tisunthe bedi lipite pabalaza. Anati iwo si mlendo kuti azigona pabalaza m'nyumba mwawo momwe. Ndinati ndiye tizule malata. Apa ndiye anakhala tsonga. Anati mwana wawo anathira magazi padenga limenelo, ndipo ananena ndi pakamwa pake kuti asaligwire munthu.

Mvula ikamagwa amakhala pabedi pomwepo, akutsokomola mpaka misozi, n'kumati tamverani mmene likulirira bwino, ngati la kutchalitchi. Mlendo aliyense amamutulutsa panja ndi ndodo yawo kukamuonetsa kuti ili anakhoma mwana wanga wa kutali uja, ndi manja ake. Makoma amene anyamula dengalo sawaona.

Ndine amene ndimawasambitsa. Ndine ndimawatikita miyendo, kuwachapira, kukhala nawo pamzere kuchipatala mpaka msana kuuma. Zimenezo munthu sangalozere alendo. Inu munabwera kamodzi ndi hamala, mawu anu asanduka vesi.

Tsopano ndinene changa, chifukwa sindingakuimbeni mlandu ine ndikubisa wanga.

Sabata yatha alamu anu anaperekeza amayi kuchipatala. Atangokhota pangodya ndinakabwereka makwerero kwa owotcherera zitsulo a pafupi pano, ndinavala buluku la alamu anu mkati mwa diresi, n'kukwera ndi hamala. Sindinapemphere, ndinkadziwa kuti ndikapemphera nditsika. Msomali uliwonse umene ndinkazula ndinkakutchulani dzina limene sindingalembe pano. Ndinali nditazula malata a mbali imodzi pamene ndinamva ndodo ya amayi ikugogoda pansi. Kuchipatala anawabweza msanga, adokotala kunalibe.

Anaima n'kuyang'ana kumwamba. Sanakalipe. Anafunsa alamu anu ngati akuba a masiku ano ayamba kubwera masana, atavalanso diresi. Kenako anandiuza kuti nditsike ndisanawachititse manyazi, mzimayi wamkulu kukhala padenga ngati tambala. Ndinati sinditsika, khoma liwagwera. Anati likagwa ligwera mwini wake, ine zikundikhudza pati. Ndinati zikundikhudza chifukwa wokafukula ndidzakhala ine, mwana wawo wokondedwayo adzangotumiza uthenga wa pepani. Anati ayi, chimene chandikweza pamenepo si chifundo, ndi nsanje. Anati chiyambire ndili wamng'ono sindinkafuna kuti chinthu cha achimwene anga chiyamikidwe.

Pamenepo ndi pamene ndinachimwa. Ine ndili pamwamba, amayi ali pansi, anthu odutsa mumsewu akumva, ndinati, "Khala chete iwe, ukufuna kufera malata?"

Iwe. Kwa amayi. Ndi pakamwa pomwepa pamene ndimaimbira kukwaya.

Alamu anu anavula chipewa ngati pachitika maliro. Amayi anangogwedeza mutu n'kunena kuti zoona, lero adziwa kuti anabereka mnzawo. Analowa m'nyumba, chitseko n'kuchitseka pang'onopang'ono.

Ndinakhala padengapo malata akundiotcha. Kenako ndinachita chinthu chopusa kuposa choyambacho. Ndinabwezera malata onse, n'kuwakhoma mmene munakhomera inu, mopendekera komweko, ndikudziwa bwino lomwe kumene madzi akathere. Ndinkayesa ndikupepesa. Mabowo a misomali anakula pozula paja, ndiye tsopano likudonthanso mkati. Makina ndawatulutsa, ndabwerera pakhonde pomwe ndinathawa. Shedi ndili nayo, koma amagonamo ndi mabeseni.

Madzulo ake ndinagwada pafupi ndi bedi lawo, mawondo pansi ponyowapo, n'kupepesa. Anati akhululuka, poti ndi munthu wopemphera. Koma kuyambira tsiku limenelo amanditchula kuti "inu", ngati mlendo. Ndikawabweretsera madzi osamba amati zikomo kwambiri amayi, ikani pomwepo amayi, mwavutika. Ndikafuna kuwatikita miyendo amati ayi, musadetse manja anu. Mankhwala amalandira kwa alamu anu okha. Akanandimenya ndi ndodo ija ndikanachira msanga. Ulemu umenewu ukundidya ngati chiswe.

Lamulungu sindinapite kutsogolo kukalandira mgonero. Abusa atandifunsa panja ndinati mutu ukundipweteka. Mukuona, tchimo limodzi labala linzake, ndipo agogo awo onsewo ndi denga lanu.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Musatumize ngalande, khoma lafewa kale, singathandizenso. Imbani foni, mulankhule ndi amayi, osaseka. Muwauze ndi pakamwa panu kuti denga munalipendeketsa molakwika, kuti mawu aja mwawabweza, kuti lizulidwe. Musanene kuti mlongo wanga akuti, musandiikemo. Munene kuti ndinu mwaganiza. Inu adzakumverani. Mutati bedi lipite pabalaza, adzalikoka okha ndi miyendo yotupayo, akuyamika kuti mwana wawo amawaganizira.

Ndikudziwa kuti kunena kuti ndinalakwitsa kumakuvutani kuposa kukwera padenga. Inenso ndi magazi omwewo, ndikudziwa mmene mawu amenewo amatsamwitsira. Koma ine ndawanena nditagwada pamatope, inu mudzawanena mutakhala pampando.

Ndipo ndikuuziretu, kuti musadzati sindinanene. Dzulo chibuma cha pulasitala chachikulu ngati mbale chinagwera papilo pawo iwo ali kubafa. Anachitola okha n'kukachitaya kudzala kuti ndisaone. Ndinachipeza ndikutaya zinyalala, ndipo fumbi lake linali likadali pansalu ya pilo. Makwerero aja sindinabweze. Mitambo ikasonkhananso inu musanaimbe, ine ndi alamu anu tidzawanyamula amayi pamodzi ndi bedi lawo kupita pabalaza, afune asafune. Ndidzakwera, ndipo ulendo uno sindidzabwezera lata ngakhale limodzi. Mwina adzanditchula kuti "inu" mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndalingalira, ndalira, ndavomera. Kuli bwino andide akupuma.

Koma mudziwe kuti zikadzatero, ine ndidzakhala nditataya amayi anga ali moyo, pofuna kukonza chinthu chimene inu mukanachikonza ndi foni imodzi. Zimenezo kukhululuka ndidzayesetsa, poti ndi lamulo la Mulungu, koma sindikulonjezani kuti zidzachitika msanga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Alamu anu akuti moni, akutinso iwo pankhaniyi alibe mawu, monga mwa masiku onse. Amayi sakudziwa kuti ndalemba, ndipo asadziwe.

Muzindipempherera, mtima wangawu ukutentha ndipo ndikuchita nawo mantha. Inenso ndimakupemphererani, ngakhale masiku ano ndikafika pa dzina lanu ndimayamba ndakhala kaye chete. Ambuye akusungeni, akudalitseni pantchito panu, ndipo akutsegulireni pakamwa mvula isanabwerenso.

Ndine mlongo wanu,
amene ndatsala ndi amayi.