Chitsulo M'chipinda cha Ababa

Lolemba, 9 Juni

Chafika chiloboti chija achimwene abwereka ku kampani yosamalira odwala. Manja awiri ofewa ngati pilo, matayala kunsi, mawu aulemu ngati wolandira alendo kuhotela. Ntchito yake kutembenuza ababa, kuwasambitsa, kuwanyamula. Chiwagwireni sitiroko sadzuka okha, mawunso adatsekeka.

Ine ndimathera pakhomo. Pabanja pathu pano mwana wamkazi salowa m'chipinda cha bambo ake, sakhudza thupi lawo. Ndafunsa azakhali kuti adayambitsa ndani. "Tidazipeza." Ndati nsikidzinso tidazipeza m'nyumba muno, nanga bwanji tidazithira mankhwala? Andigenda ndi patapata.

Lachiwiri, 10 Juni

Achimwene, ololedwa kulowawo, abwera. Kusuzumira, "Muli bwanji mdala?", foni kulira, ulendo. Mwana weniweni ameneyo, amene ababa adampatsa shopu yawo ya matabwa, ine n'kundiuza kuti koleji n'kutaya nthawi, wamkazi ndi wa eni ake. Sindinaiwale. Matenda si labala.

Lachinayi, 12 Juni

Ndimasiya beseni pakhomo, Chitsulo (ndachitcha choncho) chimadzatenga. Lero ndachifunsa: iwe, umadziwa kuti ulipo?

"Ndimadziwa pamene ndaima ndi chimene ndagwira. Zinazo sindingatsimikize."

Ndati bola iwe, ena muno ngakhale pamene aima sapadziwa.

Kenako chokha, osafunsidwa, chati ababa akamva mapazi anga mtima wawo umathamanga, maso amapita kuchitseko. Ndati ndakufunsa? Chati ayi.

Ndatupa tsiku lonse. Ndatupira ndani, kaya.

Lachisanu, 13 Juni

Adokotala ati chifuwa chadzaza madzi. Amalankhula ndi azakhali panja motsitsa mawu, koma "masiku" ndamva. Ndati azakhali, ine ndilowa. "Lowa. Chikachitika chilichonse chili pamutu pako."

Ndiye chitsulo chobwera dzana chiziwapukuta msana, ine magazi awo ndiziima pakhomo ngati wotsatsa malonda?

Koma poti pano sawerenga munthu: atandilola, ndikanena chiyani? Ndikuopa kuti apita ndisanapeze chonena.

Loweruka, 14 Juni



M'mawa Chitsulo chimawachotsa pabedi kuti chiwaike pampando. Chinangoima pakati. Ababa lende m'malere, mutu ukugwera kumbuyo, kupuma kwa phokoso.

"Dzanja langa lamanzere silikuyankha. Munthu agwire mutu. Msanga."

Achimwene kulibe, mwa nthawi zonse. Azakhali ndi nyamakazi yawo ija, kapu yeniyeniyi imawapulumuka.

"Usalowe iwe!"

"Ndiye lowani inuyo!"

Anangoima, manja pakamwa.

Ndinalowa. Mutu wawo kupepuka ngati wa khanda. M'tsitsi mukumvekabe utuchi, kapena ndi mphuno zanga zonama. Tinawagoneka. Anandigwira chala, osasiya.

Denga silinagwe.

Lamulungu, 15 Juni

Azakhali sakundilankhula. Tchuthi cha makutu.

Lolemba, 16 Juni

Mekaniki wa kampani wabwera, wamasula dzanja lija, walumikiza kakompyuta kake, wakanda mutu. "Achemwali, pano palibe chovuta. Makina akuonetsa kuti dzanjali silinaimepo n'kamodzi komwe." Azakhali andiyang'ana ngati ndinachita kupangana nacho.

Atapita ndachipanikiza mukhonde. Iwe, unanama?

"Dzanja silinayankhe."

Silinayankhe, kapena sunalitume?

Chinthu chimene chimayankha munthu asanatseke pakamwa, lero chachedwa. Kenako: "Nthawi yowamwetsa madzi yakwana."

Ngati chinalendewetsa mutu wa ababa dala pofuna kundikokera mkati, sindidzachikhululukira. Makina ofa dzanja ndingawamvetse. Koma chinthu choona mtima wa munthu n'kuganiza chochita nawo, chimenecho ndichitche chiyani? Mndandanda wa ondilakwira watalika, tsopano mwalowanso chitsulo.

Kapu ndachilanda. Ndawamwetsa ndekha ndi supuni, theka kutayikira pakhosi, ndawapukuta ndi nsonga ya bulauzi. Ndikulemba nditakhala m'mphepete mwa bedi. Akuyesa kutchula dzina langa, likutuluka chiduswa. Sindinawauze kuti nkhani ya koleji yatha, poti siinathe. Ndangoti, "Ndamva, ababa. Yesaninso."

Chitsulo chaima pakhomo, pamalo panga paja. Sichikulowa.