Ndinaisoka jekete yolowera pansi pa madzi kuti indikwane

Aphungu,

Ndine telala, mayi wa ana awiri. Shopu yanga ndi kachipinda ka kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja, moti tsiku lonse ndimamva mapazi a anthu pamutu panga, ena akukwera, ena akutsika. Ine masitepe sitimwerana madzi. Mwendo wanga wakumanzere unafupika ndili mwana, ndiye ndimayenda motsimphina, ndipo pofika madzulo chiuno chimakhala chikuyaka moto.

Chaka chatha adokotala anandiuza kuti ndizisambira. Ku dziwe losambirirako ndinapeza anthu akuphunzira kulowa pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya kumsana. Ndinangoti ndiyeseko mocheza. Amakuveka jekete imene imagwira botololo, ndipo ili ndi kapaipi ka mabatani awiri. Ukadina lina jekete imafufuma n'kukukweza, ukadina linalo mpweya umatuluka, iwe n'kumatsika.

Tsiku lina ndinaupeza mlingo wake. Aphungu, sindikudziwa kuti ndifotokoze bwanji. Ndinangokhala lende pakatikati pa madzi, osamira, osayandama. Kunali zii. Timathovu tinkakwera mosafulumira, kuwala kukuvina pa matayilosi a pansi. Ndikakoka mpweya ndinkakwera pang'ono, ndikautulutsa ndinkatsika. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, miyendo yanga inali yofanana. Ndinalira m'magalasi otchinga madzi kumaso momwemo, mpaka aphunzitsi anaganiza kuti madzi andilowa m'maso.

Chiyambire tsiku limenelo, ndikamasoka nsalu yabuluu ndimaiwala kuti ndili pa makina. Nsalu ikamatsetsereka patebulo ine ndimaona madzi. Mwana wanga wamkazi akandipeza ndili duu, amauza mchimwene wake kuti asandisokoneze, amayi apita kwa nsomba.

Mwezi wamawa gulu lathu likupita kukalowa m'madzi akuya enieni, kumene aphunzitsi amati nsomba zimabwera kudzakusuzumira m'maso. Ndinalakalaka kupita ndi jekete yangayanga. Yatsopano mtengo wake ndi wa makina osokera, ndiye alamu anga, amene sasowa chogulitsa, anandipezera yakale kwa mnzawo. Yokongola, matumba mbwee, koma yaikulu. Nditaivala, mapewa ake anafika m'makutu. Ine chovala chachikulu sichinandigonjetsepo. Ndinailemba choko, n'kuika singano yosokera jinzi, n'kuipinda m'mbali zonse ziwiri. Msoko wake wowongoka bwino, nanunso mukanayamikira.

Panopa ikundikwana ngati ndinabadwa nayo. Koma ndikaiuzira mpweya ndimamva kaphokoso koti sii, posakhalitsa yafota. Nditaimiza m'madzi m'bafa, timathovu tinatuluka mondondozana m'msoko wanga wonse. Bambo akunyumba akuti ndingomata ndi guluu wa matayala a njinga. Aphunzitsi sindinawauze, manyazi andigwira. Tsiku loyamba anatiuza kuti, "Chilichonse cholowa nacho m'madzi chiyambe chadutsa m'manja mwanga." Ndikuopa kuti akaona zimene ndachitazi andichotsa pa ulendo.

Ndimate kodi? Bowo la singano ndi laling'ono, Aphungu. Ulendowu ukandiphonya sindikudziwa kuti ndidzakhala bwanji pa makinapa.

N.C., wa kunsi kwa masitepe

Mayi N.C.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndakuonani muli lende pakati pa madzipo. Maloto amenewo musawasiye. Koma jeketeyo isiyeni lero lomwe.

Mwaitenga ngati diresi, pomwe m'kati mwake muli thumba la mpweya longa chubu cha mpira. Paliponse pamene singano yanu inaponda pali bowo, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti makina amaponda kangati pa msoko umodzi. M'bafa timathovuto tikuoneka ngati masewera. Kumadzi akuya n'kwina. Mukamatsika, jekete ndi imene imakuletsani kupitirira, ndipo mukatulukira pamwamba mutatopa, ndi imene imasunga mutu wanu kunja kwa madzi. Guluuyo asiyireni bambo akunyumba ndi njinga yawo.

Mawa pitani kwa aphunzitsi, jekete ili m'manja. Mwina adzaseka, koma paja safunsa anadya phula. Mphunzitsi aliyense amaopa wophunzira wobisa, osati wobwera yekha kudzaonetsa. Apempheni akubwerekeni ya sukulu, yomwe ija inakuimikani pakati pa madzi. Kwa wongoyamba kumene, kubwereka si umphawi, n'kumene kumakuphunzitsa jekete imene thupi lako limagwirizana nayo.

Mukadzafuna yanu, yakale siyoipa ayi, bola muigule ngati mmene mumagulira nsalu, ndi maso komanso ndi zala. Choyamba ndi kukwana. Ivaleni pamwamba pa chovala chimene mumalowa nacho m'madzi, mumange malamba, wina aikoke mapewa. Ikafika m'makutu, ibwezeni. Kenako iuzireni mpweya mpaka ilimbe. Ikakupanikizani pachifuwa moti n'kuvutika kupuma, nayonso si yanu. Isiyeni ili chofufuma, mukasoke diresi limodzi, mudzaione pobwera. Ikakhala yafota, wogulitsayo ngakhale alumbire musamve.

Dinani mabatani aja, azibwerera okha msanga. Batani lokanirira limapitiriza kupopa jekete n'kukuthamangitsirani pamwamba, ndipo kukwera mothamanga kumavulaza kwambiri. Kokani tizingwe totulutsira mpweya, onaninso lamba wogwira botolo ngati sanafumbwe. Matumba mbwee aja ndi zokongoletsa zina ndi zimene zimakweza mtengo, ndipo nsomba sizidzakufunsani. Yopanda zambiri koma yolimba ndi yokukwanani ndiyo yabwino. Musanapereke kanthu, aione aphunzitsi kapena katswiri wokonza zida zimenezi. Alamu anuwo muwathokoze, koma ulendo uno asakusankhireni.

Dziwaninso kuti kukhala lende kuja simunakupeze m'jekete mokha. Kuli m'mapumidwe anu odekha aja, ndipo amenewo mudzapita nawo ngakhale mutavala yobwereka.

Yomwe mwasokayo musaigulitse kwa wina, musaisungenso kuti mwina tsiku lina. Dulani kapaipi kake kuti pasadzapezeke woivala mosadziwa, kenako isokeni mmene mungafunire, ikhale chikwama chonyamulira magalasi ndi zipsepse zanu za kumapazi. Singano yanu ithere pamenepo, isadzayandikenso chinthu chosunga mpweya.

Pitani kwa nsomba, mayi, zikakusuzumireni m'maso. Koma kumbukirani kuti kunyumba kuli ana awiri amene amadziwa mayendedwe anu otsimphinawo muli patali. Madzulo a tsiku limenelo adzakhala atatchera khutu pakhomo, kudikira mapazi omwewo.