Ndalama za mwendo wa Tawina

Namitambo, Chiradzulu

Achimwene a Gregorio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, nandolo wabereka bwino chaka chino.

Mwana wathu Tawina wakwanitsa zaka 18. Chipukuta misozi cha ngozi ya minibasi ija, imene inamudulitsa mwendo ali Sitandade 6, chaperekedwa m'manja mwake. Ndinamuperekeza ku banki ku Limbe, ndipo anasayina yekha.

Sabata isanathe, bambo ake, amene sanapondeko n'komwe kuchipatala nthawi ija, anatulukira atanyamula shuga ndi buledi. Amati awagulire njinga yamoto azichita kabaza. Ine sindinalowererepo, poti ndinamulonjeza mwanayo kuti ndizingomulangiza, osamulamula. Iye anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati: "Bambo, ndalamazi n'za mwendo wanga. Ndiyamba ndagula mwendo woikirira, zotsalazo ndi fizi ya sukulu ya unamwino. Ndikadzayamba ntchito sindidzakuiwalani." Bambo akewo ananyamuka tiyi osamwa. Achimwene, ndinakalirira kukhitchini, koma inali misozi ya kunyada.

Pali kanthu kena. Tawina anapempha yekha kuti potapa ndalamazo pazisayinanso munthu wamkulu, ndipo panopa ndikusayina ndine. Ndikufuna tiikepo dzina lanu. Mwezi watha ndinakayezetsa chotupa cha m'bere chimene chakhala chikundivuta, ndipo zimene ananena adokotala si zolemba m'kalata. Tawina sindinamuuze. Chonde yesetsani kubwera mvula isanayambe.

Ndine mlongo wanu,
Bibiana