Chinsinsi Changa Chasanduka Chopempherera

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kunja kuno, ku Springburn, thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Loweruka lapitali Tadala, mnzanga wa kukwaya uja, ananditengera ku katawuni kena ka kunyanja kukaphunzira kukwera mafunde pa thabwa. Madzi ake ozizira ngati a m'firiji. Tinagwa, tinamwa amchere, tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Tikumwa tiyi m'galimoto ndinamasuka, n'kumuuza zomwe mumadziwa inu nokha, zoti yunivesite ndinaisiyira panjira.

"Iwe, zathera pompano," anatero.

Lamlungu kutchalitchi, nthawi ya zopempherera, Tadala anaimirira. "Abale, tikumbukire mlongo wathu Yamikani, sukulu inamukanika." Kundikanika ine? Ndinasiya ndekha! Mpingo wonse unati ameni, ukundiyang'ana ngati mwana wamasiye.

Mumpingomo muli Mayi Phiri, amene sagona osaimbira foni kwathu ku Zomba. Chonde pitani kwa amayi lero, akamve kwa inu asanamve kwa anthu. Mukawauze kuti ndili pa ntchito ndipo sindipempha kwa munthu.

Mulungu akusungeni. Mukamandipempherera, muzitero chamumtima.

Ine mng'ono wanu,
Yamikani