Makina a amayi opalasa ndi mapazi

Lolemba, 2 Juni
Ndabwerako kuchipatala. Anamwino akuti matenda a shuga sanalowe, koma ali pakhomo. Akuti insulini, yomwe imalowetsa shuga m'minofu, thupi langa likupanga ndithu, kungoti minofuyo yayamba kugontha. Ndiye ndikadya buledi, shuga amangozungulira m'magazi. Andipatsa mwezi umodzi, akapanda kutsika ndiyamba mapiritsi.

Mapiritsiwo sindikuwaopa. Ndikuopa maso. Malemu amayi anasiya kusoka chifukwa cha shuga yemweyu, ulusi ndinkawalowetsera ndine pasingano.

Lachitatu, 4 Juni
Tabwereka kamakina koyezera shuga kwa achemwali, tayeza ine ndi bambo a kunyumba. Buledi yemweyo, tiyi yemweyo. Patatha maola awiri, iwo 5.6, ine 9.1. Koma abale! Munthu wothira masupuni atatu! Akuti, "Ine ndimanyamula njerwa, mayi, inu mumanyamula singano." Ndawagenda ndi pilo.

Lachinayi, 5 Juni
Paja anamwino anati ndiziyenda ndikangodya, minofu ikagwira ntchito imamva msanga. Ndiyenda nthawi yanji, madiresi a ukwati asanu akundidikira?

Loweruka, 7 Juni
Magetsi anathima masana. Ndatulutsa makina a amayi aja opalasa ndi mapazi. Fumbi lake! Mafuta pang'ono, kukoka lamba, basi ayamba kulira ngati kale. Ndapalasa ola lathunthu nditangodya, miyendo mpaka kuwawa. Kuyeza, 7.4. Ndabaya chala china poganiza kuti kamakinako kapenga. Chimodzimodzi.

Lachiwiri, 10 Juni
Magetsi alipo, koma makina amagetsi ndawafunditsa nsalu.

Lachisanu, 20 Juni
Alamu andipeza ndikupalasa, thukuta kamukamu. "Zavuta eti, mpaka kubwerera ku zachikale?" Ndangoseka, ndawapatsa mpando. Buledi ndachepetsa, nyemba ndi masamba ndawonjezera. Diresi lachinayi latha. Mtima uli m'malo.

Lachitatu, 2 Julayi
Anamwino ayang'ana manambala m'kope langa, ayang'ana ine. "Mapiritsi adikire kaye. Mwakhala mukuyenda eti?" Ndati tsiku lililonse, koma osachoka pampando. Aseka mpaka kugwira patebulo.

Kunyumba ndatsegula kadirowa ka makina kufuna bobini, ndapezamo kawaya ka amayi kolowetsera ulusi, kaja ndinawagulira maso atayamba kuchita khungu. Misozi yalengeza. Ndakagwira kanthawi, ndakabwezera momwemo. Ndanyowetsa ulusi ndi malovu, ndalozetsa pasingano. Walowa kamodzi.