Chivindikiro cha Lachitatu

Lamlungu, 19 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, ndipo mphaka wanu uja akadali wakuba monga munamusiyira. Ndikulemba nditakhala patebulo la kukhitchini, manja akununkhira anyezi, miphika ili pansi ikuzizira. Ndasankha kalata chifukwa pafoni inu simundilola kumaliza mawu. Papepala palibe pondidulira, ndiye muwerenge mpaka pansi musanayambe kukalipa.

Mawu anu aja sanandichoke m'mutu. Munati mukadzaonanso chithunzi cha Ababa ali owonda chonchija, mubwera kudzawatenga, asiye ntchito yawo yodula mapepala kosindikiza mabuku kuja, akakhale kwanuko muziwayang'anira nokha. Sindikutsutsa kuti anawonda. Chimwalirireni Amayi, malaya awo anayamba kuoneka ngati obwereka, ndipo lamba anachita kumuboola mabowo atsopano ndi msomali. Masana ankangomwa tiyi ndi kabuledi ka pagolosale, ati chakudya cha m'malesitilanti n'chodula komanso chamafuta. Koma inunso mukudziwa kuti munthu ameneyu mukamuchotsa pamakina ake aja, mwamumaliza. Nditawauza maganizo anu, anangotuluka kukathirira maluwa a Amayi, omwe ndinali nditathirira kale.

Ndiye ine ndinalumbira kuti ndiwanenepetsa, zivute zitani.

Ndinatsitsa makontena a Amayi pamwamba pa kabati, asanu aja a zivindikiro zamitundumitundu, kuyambira chofiira cha Lolemba mpaka choyera cha Lachisanu. Ndinawatsuka ndikulira, sindibisa. Kenako ndinayamba kuchita monga ankachitira eni ake. Loweruka madzulo ndimapita kumsika nthawi imene ogulitsa ayamba kulongedza, pamene kabichi ndi tomato zimagwa mtengo poti palibe amene akufuna kuzisenzanso kubwerera nazo kunyumba. Nyemba ndimaziviika m'madzi kuti zisadzadye moto wambiri. Lamlungu masana ndimaphika za sabata yonse: mphika wa nyemba, wina wa mpunga, ndi nkhuku imodzi yoidula tizidutswa ting'onoting'ono, ija Amayi ankaitcha nkhuku yaulemu chifukwa imapereka moni tsiku lililonse koma siikhalitsa. Mazira owiritsa ndi masamba zimalowa m'makontena a Lolemba ndi Lachiwiri poti sizichedwa kuwonongeka. A Lachinayi ndi Lachisanu amakadikira m'chipinda cha ayezi mufiriji. Msuzi ndimauthira padera m'botolo la jamu kuti mpunga usalowe madzi. Ndinaphunziranso mochititsa manyazi kuti chakudya sachivindikira chikadali chotentha, chifukwa sabata yoyamba nyemba zinasasa mpaka mphaka wanu anazikana.

Kakhungu ka ndimu kamene Amayi ankaponya mu nyemba sindinakaiwale ngakhale kamodzi, ndi adyo wokazinga mpaka afiire. Ngakhale supuni ndinkaikulunga m'kansalu n'kumanga mfundo ya makutu awiri ija. Ndinkafuna kuti Ababa akatsegula, aziona ngati palibe chimene chasintha.

Makontena ankabwera opanda kanthu, otsukidwa bwino. Ndikafunsa kuti, "Ababa, zinakoma?" ankayankha kuti, "Zinakoma, Mzime. Dzanja la amayi ako lenileni." Poyamba thupi silinkasintha, ndipo ndinkada nkhawa, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako ndithu masaya anayamba kubwerera. Mukanandiona, Achemwali! Kusukulu ya mkaka kumene ndimaphunzitsa, aphunzitsi anzanga anatopa nane. Aliyense wotsegula thumba la zokazinga zogula pamsewu ndinkamulalikira za ubwino wophikiratu Lamlungu, ngati kuti nyemba ndinazitulukira ndine.

Lachitatu lina kontena inabwera ndi chivindikiro chachilendo. M'malo mwa chobiriwira cha tsikulo, panali chabuluu, chong'aluka pakona, chomatidwa ndi selotepi. Sopo wake ankanunkhiranso mosiyana ndi wathu.

"Ababa, chivindikiro chobiriwira chili kuti?"

"Chilipo."

"Kuti?"

"Padziko pompano," anatero, n'kukweza wailesi.

Mukundidziwa, mtima wanga ndi wapachala. Mawa lake ndinapempha kwa aphunzitsi aakulu kuti ndichokeko pang'ono masana, n'kukwera basi mpaka kuntchito kwawo. Kuseri kwa nyumba ya makina kuli kamthunzi, pafupi ndi pompi ndi milu ya zidutswa za mapepala, ndipo pali benchi yopangidwa ndi chitseko chakale. Pamenepo ndi pamene ndinawapeza Ababa atakhala ndi mayi wina wamfupi, wojintcha, wa magalasi omangidwa ndi chingwe, epuloni yake itauma gwa ndi guluu. Pamiyendo pa mayiyo panali kontena yathu ya Lachinayi, kansalu ka Amayi katamasulidwa, iye akudya nkhuku yanga mosangalala. Ababa anali atagwira kontena ina yakale, yofanana ndi zathu kukula kwake, akudya mpunga womwe unkachoka pasupuni movutikira.

Ndinaitana kuti, "Ababa!"

Anaimirira supuni ili m'manja, ngati mwana wa m'kalasi mwanga amene ndamugwira akudya choko. Koma mayiyo sanachite mantha n'komwe. Anapukuta dzanja paepuloni n'kunena kuti, "Ndiye ophika aja ndinu? Bwerani kuno, mwana wanga, ndikugwireni dzanja. Taonani zimene mwandichita, siketi yanga sikutsekanso."

"Mayi, chakudyachi ndimaphikira bambo anga," ndinatero.

"Ndikudziwa. Ndipo bambo anuwa amadya changa. Talawani kaye, muone chilango chimene amalandira tsiku ndi tsiku."

Ndinalawa, Achemwali, chifukwa anandiyandikizira supuni pakamwa. Mpunga wogwirana, mchere wochita kuluma lilime, kabichi wopserera mbali imodzi, mbali ina wosapsa. Kuntchitoko amawatcha Mayi Guluu. Iwo amati dzinali linabwera chifukwa ntchito yawo ndi yomata misana ya mabuku, koma anzawo amalumbira kuti linachokera ku mpunga umenewu.

Mayi Guluu anandikhazika pabenchipo n'kundifotokozera. Anati: "Masabata oyamba aja, akuluwa ankatsegula kontena yanu, n'kuiyang'anitsitsa, kenako n'kuikankhira kwa anzawo a pamakina. Iwo n'kukhala manja lende mpaka belu lilire. Tsiku lina zinandikwana. Ndinati, 'Akulu, mukufuna kufa ndi njala pamaso panga? Idyani changachi. N'choipa, koma ndi chakudya.' Anadya chonse mpaka kukokota. Kuyambira pamenepo timasinthana. Chivindikiro chanu ndinasokoneza ndine dzulo potsuka papompi, chili kunyumba. Maso angawa ndi okalamba, mundikhululukire."

Ababa anandiperekeza mpaka pageti. Titafika pamenepo anandigwira pamkono, chinthu chimene sanachitepo chichokereni kumaliro.

"Mzime, usakwiye," anatero. "Chakudya chako chilibe vuto. Vuto lake n'lakuti n'chabwino mopitirira. Ndikangomasula kansalu kaja, fungo la ndimu lija likandifika, mtima umandiuza kuti madzulo ndikawauze amayi ako kuti zinakoma. Kenako ndimakumbukira. Ndiye pakhosi pamatsekeka, ngakhale madzi sadutsa. Chakudya cha mayiwa sichindikumbutsa munthu aliyense. Chimangolowa."

"Nanga osandiuza bwanji, Ababa?"

"Ndikanakuuza bwanji, iwe ukuimba nyimbo Lamlungu lonse pamoto? Ndinaona kuti kuphikako kukuchiritsa iweyo. Ndinati mwanayu ndimusiye achire."

Ndinalira m'basi njira yonse, mpaka mayi wina amene ndinakhala naye pampando anandipatsa mpango wake. Ndinkaganiza kuti ndikudyetsa Ababa, chonsecho ndinkawaikira maliro m'chikwama m'mawa uliwonse, n'kumangira ndi mfundo ya makutu awiri. Iwonso ankanyamula osadandaula pofuna kusunga ine. Anthu awiri m'nyumba imodzi, aliyense akunamiza mnzake chifukwa cha chikondi.

Tsopano zinthu zasintha. Ndimu ndinaisiya, kansalu ndinakachapa n'kukapinda m'kabati. Ndikuphunzira kuphika ndi dzanja langa, ngakhale nthawi zina limandichititsa manyazi. Ndayesa supageti ndi nyemba, ndayesa mbatata zowotcha ndi mazira, ndipo Lachisanu nyemba zotsala ndimazinyenya ndi anyezi n'kuzipaka pabuledi. Sabata ina ndinayesa kuthira karoti ndi mtedza mu mpunga. Ababa anati, "Izi amayi ako sakanaphika ngakhale utawalipira," n'kudya zonse, akuseka.

Mayi Guluu amabwera kuno Lamlungu masana kudzaphunzira mpunga. Ndi amasiye, ana awo anakula n'kubalalika, ndipo anandiuza kuti kuphikira munthu mmodzi kunawaphetsa dzanja. Ndawaphunzitsa kuutsuka mpunga mpaka madzi ayere, ndi kuusiya pamoto osautakasa, koma ndikangotembenuka ndimawapeza ali ndi mthiko m'manja. Zogula timasonkherana, ndiye mpunga ndi nyemba timatenga zambiri kamodzi pamtengo wabwinoko. Makontena tsopano amandanda patebulo mizere iwiri, wathu ndi wawo. Ababa, omwe kale sankadziwa kumene kumakhala mpeni, ndi amene amadula anyezi. Amadula molunjika bwino ngati mapepala a kuntchito, ndipo misozi ikatuluka amati ndi anyeziyo.

Koma imvani ichi, ndipo mumve bwino. Chakudya chawo ndi cha Ababa tsopano chimachokera mumphika umodzi, supuni yake yomweyo. Komabe pabenchi paja amasinthanabe makontena. Ndinamva kwa mlonda wa pageti, yemwe anandiuza akuseka mpaka kutsokomola. Ababa ayambanso kusita malaya okha, ndipo dzana anandifunsa kumene timasunga polishi wa nsapato. Zinazo sindinena. Ine ndine mphunzitsi wa ana, si wapolisi.

Ndikudziwa mmene mukumvera pofika pamzere uno, chifukwa inenso ndinamva chimodzimodzi. Inu munakhala ndi Amayi zaka zambiri kuposa ine, ndipo ndinu amene munawagwira dzanja m'chipatala. Palibe amene akulowa m'malo mwawo. Chithunzi chawo chili pomwe chinali, maluwa awo Ababa akuthirirabe mopitiriza muyeso. Mayi Guluu akalowa m'khitchini muno sakhala pampando wa pawindo uja, ngakhale sindinawauzepo kuti unali wa ndani.

Pempho langa ndi limodzi. Musabwere kudzawatenga. Ndaika chithunzi m'kalata muno, chimene ndawajambula lero ataimirira pakhonde. Musayang'ane nkhope, poti mukudziwa kuti pachithunzi saseka. Yang'anani lamba. Wabwerera pabowo lake lakale, lija Amayi ankalidziwa, ndipo mabowo a msomali aja angotsala opanda ntchito. Bwerani kudzacheza, mudzalawe mpunga wa wophunzira wanga, womwe tsopano umayamba kugwa pasupuni wokha.

Pali chinanso chimene ndachita lero osakufunsani, chonsecho makontenawa ndi a inu ndi ine. Chivindikiro chobiriwira chija chinakhalitsa kwa Mayi Guluu, chifukwa Lamlungu lililonse ankati achiiwala, ine osachiitanitsa. Lero abwera nacho, chotsukidwa, chokulungidwa m'pepala loyera la kuntchito. Anandipatsa ndi manja awiri, nati, "Sindinaiwale ayi, mwana wanga. Ndinkachita manyazi kulowa nacho pakhomo. Ichi n'cha eni ake a nyumba ino." Ababa anasiya kudula anyezi, mpeni uli m'mwamba. Ine ndinachilandira, ndinachiyang'ana, kenako ndinavindikira nacho kontena ya mayiwo ya Lachitatu. Poti awiriwa amasinthana, chivindikirocho chidzafikabe pamiyendo pa Ababa, kungoti chidzadzera m'manja mwa Mayi Guluu. Ngati ndalakwa, mudzandikalipire pamaso, ndidzakhala pansi n'kumvetsera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti asiye kugula chakudya chamasana, akuphikireniko Lamlungu. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene akuti wayamba kuyenda. Ababa akupereka moni wambiri, akuti akusowani. Mayi Guluu nawonso akuti ndikupatseni moni, ngati mungaulandire. Ndinawafunsa Ababa kuti mayiwa ndiwalembe kuti ndi ndani m'kalata muno. Anapukuta mpeni womwe unali wouma kale, kenako anati:

"Lemba kuti ndi mnzanga wa pankhomaliro. Zinazo mwana wanga wamkulu ndidzamuuza ndekha, akadzabwera wopanda chikwama cholongedzeramo katundu wanga."

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mzime